Chionetsero cha mbiri ya tsankho ku Harare: pomwe ntchito yafika

Sabata yoyamba ndi yachiwiri

Chomwe chili m'manja ndi chionetsero chonyamulika cha mbiri ya tsankho, chokonzera olankhula Chichewa okhala ku Harare, m'Zimbabwe: zikwangwani 14 zolembedwa m'Chichewa, chilichonse cha saizi ya A1, ndiye kuti mamilimita 594 m'lifupi ndi 841 m'litali, kuphatikizapo mawu ojambulidwa oti agogo omwe maso adayamba kuchita chidima azimvera pa sipika. Chidzayambira ku Mbare, kenako Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Mabvuku, m'maholo a mipingo ndi pomwe amakumana a mabungwe othandizana pa maliro. Tidagwirizana kuti chikwangwani chimodzi chisapitirire mawu 120, zilembo za mutu zitalike masentimita 5, za nkhani sentimita imodzi, kuti woima mita imodzi ndi theka awerenge osavutika.

Masabata awiri onsewa adathera pa liwu limodzi, loti mtundu. Kwathu liwuli limasenza katundu wambiri. Achewa ndi mtundu, Amalawi onse ndi mtundu, kuli mtundu wa chimanga, kuli mtundu wa nsalu. Ukalemba kuti azungu ankasankha anthu potengera mtundu, wowerenga amaganiza za Mchewa ndi Mngoni akunyozana pa mowa, n'kunena kuti zimenezo zili paliponse. Koma zomwe adaumba akatswiri a ku Ulaya n'zina, ndipo zidakhala pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba likuti anthu onse a padziko amagawika m'magulu akuluakulu ochepa ooneka ndi maso. Lachiwiri likuti nzeru ndi khalidwe zimabadwa pamodzi ndi thupi ndipo sizisintha, kaya munthu aphunzire kaya abatizidwe. Lachitatu likuti maguluwo ali pa makwerero, ena pamwamba ena pansi. Kunyozana kwa pa mowa kulibe fuwa lachiwirilo, paja mwana wa Mngoni wokulira kwa amalume ake Achichewa amasanduka Mchewa popanda womuyeza mutu.

Tidayesa liwu loti fuko, koma limakokera ku mbumba ndi ku dziko. Tidayesa "tsankho la khungu", lomwe limamveka msanga, koma lidatigwetsa titafika pa malamulo osala Ayuda a ku Nuremberg a 1935, chifukwa Ayuda a ku Germany khungu lawo silinali losiyana ndi la owazunza. Zomwe zatsala ndi izi: "tsankho la khungu ndi magazi" pa nkhani yaikuluyi, "kusankhana mitundu" pa za Achewa, Ashona ndi Andebele, "kudana ndi obwera" pa za alendo. Mawu atatuwa asasinthanitsidwe pa chikwangwani chilichonse.

Sabata yachitatu ndi yachinayi

Zikwangwani zitatu za magwero a ganizoli zalembedwa.

Choyamba chikuyambira ku Toledo, ku Spain, mu 1449, pomwe adakhazikitsa lamulo loti Myuda wolowa Chikhristu, ndi ana ake omwe, asapatsidwe udindo mu mzindawo. Tayambira pamenepo chifukwa m'pomwe fuwa lachiwiri likuonekera poyera: ubatizo udaleka kukwanira, mlandu udasamukira m'magazi. Pa chikwangwani chomwecho pali lamulo la ku Virginia la 1662, loti mwana atsate mayi. Mayi akakhala kapolo mwananso ndi kapolo, ngakhale bambo ake akhale mwini munda. Apa padafunika kusamala. Kwa Mchewa kutsata kuchikazi si chachilendo, ndipo wina atha kuliona lamuloli ngati labwinobwino. Tawonjezera chiganizo chonena kuti kwa Angerezi mwana ankatsata bambo, ndipo adatembenuza mwambo wawo dala kuti ana obereka mwa akapolo akhale chuma, osati olowa chuma. M'munsi tayikamo mfundo ya Eric Williams wa ku Trinidad, yemwe mu 1944 adati ukapolo sudabadwe mu tsankho, koma tsankho ndilo lidabadwa mu ukapolo. Talemba kuti ndi mfundo yake, popeza akatswiri amakanganabe kuti chidayamba n'chiti, ngakhale ife tikupendekera kwa iye.

Chachiwiri ndi cha oyeza ndi osanja. François Bernier mu 1684 adagawa anthu potengera nkhope ndi thupi. Carl Linnaeus mu 1735 adapanga magulu anayi, ndipo pofika 1758 adali atamatapo makhalidwe: mzungu amalamulidwa ndi malamulo, munthu wa ku Africa ndi waulesi ndipo amangotsata zomwe zamubwerera. Johann Blumenbach mu 1795 adati maguluwo ndi asanu, ndipo dzina loti Caucasian adalitenga pa chigaza cha mayi wina wa ku Georgia chomwe iye adachiona chokongola koposa. Mwachilungamo talembanso kuti Blumenbach yemweyo ankati maguluwo amalowana popanda malire enieni ndipo sankakayika nzeru za anthu akuda. Arthur de Gobineau, pakati pa 1853 ndi 1855, ndiye adakhomerera makwerero, n'kuti kusakanizana kwa magazi ndiko kumagwetsa maufumu. Francis Galton mu 1883 adapatsa dzina ganizo loti boma lizisankha oyenera kubereka.

Chomwe chikuluma kwambiri pa chikwangwani chimenechi ndi kawerengedwe. Charles Darwin mu 1871 adandandalika zomwe anzake ankanena: wina adati magulu a anthu ndi awiri, wina anayi, wina asanu, mpaka wina 63. Nambala zimenezi tazilemba zikuluzikulu pakati, popanda ndemanga. Chinthu chomwe chilipodi anthu sachiwerenga mosiyana chonchi.

Chachitatu ndi cha omwe adayankha. Anténor Firmin wa ku Haiti adamuyankha Gobineau ndi buku lathunthu mu 1885. W.E.B. Du Bois mu 1903 adalosera kuti vuto la zaka za m'ma 1900 lidzakhala mzere wa khungu. Franz Boas adayeza mitu ya ana a anthu osamukira ku New York n'kupeza kuti kaumbidwe ka mutu kamasintha ndi malo okulira. John Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kufunsa chifukwa chomwe anthu akuda ankafera pa nkhondo ya azungu. Chikalata chotsutsa tsankho cha UNESCO, nthambi ya United Nations, cha 1950 chikutseka.

Sabata yachisanu

Tidamata zolemba zonse pakhoma pa mapepala a A4, motsata zaka, n'kuitana anthu 11 a misinkhu yosiyana kuti awerenge ife tikuyang'ana wotchi. Pa chikwangwani choyamba ankaima pafupifupi mphindi ziwiri. Pa chachiwiri theka la mphindi. Pofika chachitatu ambiri adali atayamba kucheza. Vuto silinali Chichewa chake. Maina achilendo adachuluka, 17 m'zikwangwani zitatu, ndipo munthu adalibe pogwira. Pomwe onse adaunjikana ndi pa chithunzi cha chitupa, chomwe tidachiika chachisanu ndi chinayi, chakumapeto.

Tatembenuza dongosolo lonse. Tsopano chionetsero chikuyamba ndi chitupa, kenako malo, kenako komboni ndi mgodi. Munthu akafika pofunsa yekha kuti adawauza ndani kuti zimenezi n'zololeka, m'pomwe akukumana ndi Linnaeus ndi Gobineau. Dongosolo limeneli likugwirizananso ndi zomwe chionetserochi chikunena: tsankho si kuipa mtima kwa bwana mmodzi wachikoti. Lidalembedwa ndi cholembera, lidayezedwa m'maekala, lidadindidwa pa pepala, ndipo lidali ndi ntchito yake, yopezera ena malo ndi antchito otchipa. Bwana wachifundo ndi bwana wankhanza onse ankalipira motsata lamulo limodzi.

Maina tawachepetsa kufika 9 pa zikwangwani. Otsalawo apita m'kabuku ka otsogolera alendo.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Ntchito ya malo. Southern Rhodesia yonse, yomwe lero ndi Zimbabwe, idali maekala pafupifupi 96 miliyoni. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930, lomwe lidatsatira komishoni ya Morris Carter ya 1925, lidapereka maekala pafupifupi 49 miliyoni kwa azungu, omwe adalipo pafupifupi 50,000. Anthu akuda, pafupifupi miliyoni imodzi, adatsala ndi maekala 21.6 miliyoni a m'maruzevha, madera opatulidwira anthu akuda, ndi ena 7.5 miliyoni oti ochepa azigula. Otsalawo adasungidwa osagawa. Manambala otere pakhoma salowa m'mutu, choncho tasonkhanitsa zitsekerero za mabotolo 96, chimodzi kuimira maekala miliyoni. Mlendo amaziunjika yekha milu inayi: 49, 22, 7 ndi 18. Kenako amapatsidwa nyemba imodzi yoti aike pa mulu wa 49, ndi nyemba 20 zoti zipanikizane pa milu ya 22 ndi 7. Poyesa koyamba zitsekererozo zinkagubuduka n'kusowa pansi pa mabenchi. Taziphwanyitsa ndi nyundo ndipo zikukhala m'lichero.

Malo okha sakwana. Chikwangwani chotsatira chikusonyeza momwe malamulo ankagwirana manja. Maize Control Act ya 1931 idakonza msika kuti chimanga cha mlimi wakuda chizigulidwa motsika. Industrial Conciliation Act ya 1934 idatanthauzira liwu loti wantchito mosiya kunja munthu wakuda, motero sakadalowa m'mabungwe ovomerezeka a antchito kapena kuphunzira ntchito za luso. Native Registration Act ya 1936 idalimbitsa zitupa za m'tauni. Lamulo la 1946 la nyumba za m'tauni lidamangirira pogona ku ntchito, kuti ntchito ikatha nyumbanso yatha. Land Tenure Act ya 1969, ya boma la Ian Smith, idagawa dziko pakati, maekala pafupifupi 45 miliyoni uku ndi uku, ngati kuti anthu ake adali ofanana kuchuluka. Tajambula malamulowa ngati mphete za unyolo osati mndandanda, chifukwa aliyense ankatseka khomo lomwe mnzake adasiya: wosowa malo athawire ku ulimi wogulitsa apeze mtengo wagwa, athawire ku tauni apeze chitupa.

Mapu a mzinda atidyera masiku atatu. Tikufuna mlendo aone ndi maso kuti lokeshoni ya Harari, yomwe idatsegulidwa mu 1907 ndipo lero ndi Mbare, idaikidwa kuseri kwa njanji ndi mafakitale, Highfield chapatali kumwera chakumadzulo, Arcadia ya makaladi, Belvedere ya amwenye, pomwe Avondale, Highlands ndi Borrowdale zili kumpoto. Tidasindikiza mapu akale pa pulasitiki yoonekera kuti asanjike pa mapu a lero, koma sikelo zidasiyana ndipo misewu sinkakumana. Njira yake ndi kusankha malo atatu omwe sadasunthe, kaphiri ka Kopje, siteshoni ya sitima ndi mtsinje wa Mukuvisi, n'kukulitsa mapu akale pa kompyuta mpaka atatuwo atagwirizana. Maina akale tawasiya monga adaliri, Salisbury ndi Cecil Square, ndipo a lero, Harare ndi Africa Unity Square, ali pa mapu apansi. Pa mawu ojambulidwa tasiya katchulidwe ka akuluakulu koti "ku Halale".

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Zikwangwani ziwiri za ulendo wa makolo. Kumudzi kudali zokankha: msonkho wa nyumba wofuna ndalama, ndi thangata pa maesiteti a ku Shire Highlands, lomwe lidali pakati pa zodandaula za anthu a Chilembwe pomwe adaukira ku Magomero pa 23 Januwale 1915. Kuno kudali zokoka. Rhodesia Native Labour Bureau, yoyamba mu 1903, inkalemba anthu pa kontirakiti n'kuwatumiza ku migodi ndi mapulazi omwe ena onse ankawakana, ndipo antchito adaitcha chibalo. Komiti ya boma la Nyasaland ya 1935 idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko. Mu 1936 maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland adasainirana pangano loyendetsa antchito, ndipo padabwera malole a Ulere, onyamula anthu osalipiritsa. Mu 1946 padabwera bungwe lolemba antchito lomwe anthu adalitcha Mthandizi. Maina awiriwa, Ulere ndi Mthandizi, tawalemba akuluakulu mbali ndi mbali ndi liwu loti machona. Wolankhula Chichewa safuna kumasuliridwa.

Mfundo yolemera apa ndi yoti atsamunda sadangogawa mzungu ndi wakuda. Pansi pa makwerero adaikaponso timakwerero tina. M'mabuku a boma mudali wakuda wa kuno ndi wakuda wobwera, ndipo olemba ntchito adali ndi nthano zawo za mtundu uliwonse: uyu ndi wakhitchini, uyu ndi kapitawo, uyu ndi wa pansi pa mgodi. Anyasa ambiri adadutsa sukulu za mishoni za Livingstonia ndi Blantyre, motero ankapatsidwa ukalaliki ndi ukapitawo, zomwe zinkawadanitsa ndi anzawo a pakomboni. Koma wobwerayo akadzutsa mutu, mankhwala ake adali apafupi: kumubweza kwawo. Atsogoleri a sitiraka ya pa mgodi wa Shamva mu 1927 adabwezedwa. Robert Sambo, yemwe adatumidwa ku Bulawayo kukayambitsa nthambi ya ICU, bungwe la antchito lomwe Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay adaliyambitsa ku Cape Town mu 1919, adabwezedwanso mu 1927 momwemo.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963 chapatsidwa theka la chikwangwani basi: fanizo lotchuka la Godfrey Huggins, nduna yaikulu yoyamba ya chitaganyacho, loti ubale wa mzungu ndi wakuda uli ngati wa wokwera ndi kavalo wake, ndi kutsekeredwa kwa Dr. Banda ku Gwelo, yomwe lero ndi Gweru, kuyambira Malichi 1959 mpaka Epulo 1960.

Zithunzi zakale tikupempha ku National Archives of Zimbabwe, ndipo nambala ya chithunzi chilichonse ikulembedwa m'kaundula pamodzi ndi chilolezo chake. Za m'mabanja zikuvuta. Chithunzi choti chituluke masentimita 40 m'lifupi chimafuna mapikiselo pafupifupi 2,400, koma zotumizirana pa foni zimafika zitafinyika ndipo pozikulitsa nkhope zimasanduka phala. Tikupita ndi sikana kunyumba kwa eni ake. Pa zitupa zonse dzina, nambala ndi mudzi zikuphimbidwa.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Chikwangwani cha Hamu tidachiopa, koma n'chimene chalembeka mosavuta. Ambiri adamva kuti anthu akuda ndi otembereredwa chifukwa cha Hamu. Tangokopera Genesis 9, ndime 20 mpaka 27, kuchokera m'Buku Lopatulika, ndi mafunso awiri pansi pake: Nowa adatemberera ndani? Khungu latchulidwa pati? Wotembereredwa ndi Kanani, ndipo za khungu mulibe. Poyesa, anthu ankatulutsa Mabaibulo awo kuti atsimikize, choncho pa tebulo padzakhala limodzi lotsegula.

Nthano ya Hamu idatembenukanso m'zaka za m'ma 1800. John Hanning Speke mu 1863, ndipo kenako C.G. Seligman mu 1930, adafalitsa zoti chilichonse chapamwamba mu Africa, ufumu, zomangamanga, kusula, chidabwera ndi anthu oyererako ochokera kumpoto. Ku Rwanda ganizoli lidalowa m'zitupa zomwe atsamunda a ku Belgium adayambitsa m'ma 1930, zolemba Hutu kapena Tutsi, ndipo zitupa zolemba mtundu n'zomwe zinkafunsidwa pa zipata za pamsewu mu 1994.

Kuno lidagwera pa Great Zimbabwe, mabwinja a mzinda wakale wamiyala. Karl Mauch atafika mu 1871 adaganiza za mfumukazi ya ku Sheba. Theodore Bent mu 1891 adati omanga adali ochokera kunja. Richard Hall, pakati pa 1902 ndi 1904, adakumba n'kutaya dothi lomwe munali umboni wa eni ake, akufunafuna za alendo zomwe munalibe. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 adafukula mwadongosolo ndipo onse adati omanga ndi anthu a konkuno. Ngakhale zidali choncho, boma la Smith linkafuna kuti timabuku ta alendo tisanene zimenezo mosabisa, ndipo katswiri Peter Garlake adachoka m'dziko mu 1970. Umboni udalipo kuyambira 1905. Chomwe chidavuta ndi chakuti wovomereza kuti makolo a anthu awa adamanga mzinda wamiyala sakadanenanso kuti adapeza dziko lopanda eni.

Tagwirizana kuti zojambula za thupi la Sarah Baartman, yemwe ankaonetsedwa ku London ndi ku Paris n'kumwalira mu 1815, siziikidwa. Padzangokhala dzina lake ndi chaka cha 2002, pomwe mafupa ake adabwezedwa ku South Africa. Kumuonetsanso n'kubwereza zomwezo.

Sabata yachisanu ndi chinayi

Zoyesera ndi manja ziwiri.

Samuel Morton wa ku Philadelphia, yemwe adasindikiza zoyeza zake mu 1839, ankathira njere m'zigaza kuti apeze kukula kwa mkati, ndipo kenako adasintha n'kumathira timipira ta mtovu poona kuti njere sizipereka yankho limodzi. Ife tikugwiritsa ntchito chikho cholowa pafupifupi lita imodzi, mawere, ndi jagi yokhala ndi manambala. Mlendo amadzaza chikho mongothira n'kuyeza, kenako amadzazanso akugogoda ndi kutsendera. Poyesa kasanu, kusiyana kwake kunkafika mamililita 60 mpaka 80 pa chikho chimodzimodzi. Cholakwika chidali pa mawu otsagana nacho. Tidalemba ngati kuti Morton adabera, pomwe nkhani imeneyo akatswiri adakanganapo: Stephen Jay Gould adamuimba mlandu, ena atayezanso zigazazo mu 2011 adati manambala ake ambiri adali olondola. Takonza kuti chikhocho chiphunzitse ziwiri zokha. Dzanja la woyeza limatha kukankha yankho, ndipo ngakhale ayeze bwino, kukula kwa chigaza kumatsata msinkhu wa thupi, sikuyeza nzeru.

Chachiwiri ndi cha Richard Lewontin, wa 1972. Adapeza kuti pa kusiyana konse kwa chibadwa pakati pa anthu, magawo 85.4 pa 100 amapezeka mkati mwa gulu limodzi lomwelo, 8.3 pakati pa magulu oyandikana, ndipo 6.3 okha ndiwo ali pakati pa magulu akuluakulu aja a Blumenbach ndi anzake. Tagawa nyemba 100 m'mbale zitatu, 85, 8 ndi 6, ndipo imodzi yotsalayo ndi ya zidutswa. Ana amaifunsa nthawi zonse, choncho ili ndi kambale kake. Chiganizo choyamba anthu adachimva ngati tikuti anthu 85 pa 100 ndi ofanana. Chatsopano chikuti: "Tenga Achewa awiri. Kusiyana kochuluka komwe kuli pakati pa anthu a padziko lonse ukupeza kale pakati pa awiriwa." Tawonjezera kuti Africa ndiye ali ndi kusiyana kwa chibadwa kochuluka kuposa dera lina lililonse, komanso kuti kuda kwa khungu kumatsata ukali wa dzuwa komwe makolo adakhala nthawi yaitali.

Liwu loti majini talichotsa ponseponse. Mabuku ena amalilemba ponena za zotengera kwa makolo, koma ku Mbare, makamaka pakati pa Asilamu, majini ndi ziwanda, ndipo woyesa wina adafunsa ngati tikuti azungu ali ndi ziwanda zina. Tikulemba "chibadwa" kapena DNA.

Sabata ya khumi

Chikwangwani cha 13 sichidamalizike, ndipo mkangano wake ndi woyenera kulembedwa.

Nkhani yake ndi chilembo A, choimira wobwera (alien), pa chitupa cha munthu wobadwira kuno, yemwe Malawi, Zambia kapena Mozambique adangomva kwa agogo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, aliyense yemwe akadatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo adayenera kukana unzikawo m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ambiri a m'mapulazi ndi m'migodi adataya unzika osadziwa. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adakonza zambiri. Gawo 43 likuti wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, yemwe kholo lake lidali nzika ya dziko la mu SADC ndipo iye ankakhala kuno, ndi nzika yobadwa. Gawo 56 likuletsa tsankho, ndipo gawo 6 likuika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Ena mwa ife akuti nkhaniyi ndi kudana ndi obwera, si tsankho la khungu ndi magazi, ndipo kuziphatikiza kuchepetsa zomwe Smith adachita. Ena akuti bokosi la wakuda wobwera adalipanga ndi atsamunda, ndipo lidapitirira 1980 likadali lotsatira magazi, popeza mdzukulu amalowa m'bokosi la agogo. Pangano la United Nations lothetsa tsankho, la 1965, likuthandiza mbali zonse ziwiri: ndime yake yoyamba ikutchula khungu, kobadwira ndi mtundu wa makolo, koma yotsatira ikuti silikhudza kusiyanitsa nzika ndi osakhala nzika. Tagwirizana kuti chikwangwanichi chikhalepo, chikhale ndi mpendero wa mtundu wina, ndipo chinene poyera kuti uwu ndi mphukira ya mtengo uja, osati mtengo weniweniwo. Pasakhale dzina la chipani chilichonse.

Maina onyoza, mabhurandaya ndi mabwidi, alembedwa kamodzi m'zilembo zazing'ono, ndi kufotokoza kuti loyambalo lidachokera ku dzina la Blantyre. Pa sipika satchulidwa, chifukwa ana amatola zomwe amva. Pa chitonzo choti ndife opanda mutupo, ndiye kuti mfunda m'Chishona, tayankha ndi mndandanda wa mifunda, Banda, Phiri, Mwale, Mbewe, ndi malo opanda kanthu oti mlendo alembepo wake ndi choko. Chithunzi cha gule wamkulu, yemwe kuno amati zvigure, chikudikira chilolezo cha akuluakulu a kudambwe.

Sabata ya khumi ndi chimodzi

Zoyesera zosindikiza zabwera zitatu. Pulasitiki yonyezimira ikuthwanima pansi pa magetsi a m'holo ndipo mizere yapakati siwerengeka, choncho zonse zikutidwa ndi yosanyezimira. Wosindikiza adasintha mtundu wa zilembo, ndipo é wa Anténor ndi ç wa François zidatuluka timabokosi. Mafayilo apite ngati PDF zilembo zitamangidwiramo. Bolodi ya mamilimita 3 idapindika itatsamira khoma usiku umodzi, tatenga ya mamilimita 5, ngakhale zikwangwani 14 pamodzi sizikwananso pampando wa kombi ndipo pafunika thumba la kanivasi lokhala ndi zogwirira.

Mawu ojambulidwa akutenga masekondi 70 mpaka 90 pa chikwangwani. Kujambula masana kudalephereka chifukwa cha majenereta a oyandikana nawo magetsi akazima. Tikujambula mamawa, m'chipinda chokutidwa mabulangete. Owerenga ndi awiri, wina wa Chichewa cha ku Malawi, wina wa Chinyanja cha pakomboni chosakanikirana ndi Chishona, ndipo tasiya aliyense alankhule momwe amalankhulira. Sipika ndi ya batire yotchaja ndi sola.

Chomwe tidachiphonya poyamba ndi adzukulu. Ambiri amamva Chichewa koma amawerenga bwino Chishona, ndipo poyesa ankangoona zithunzi n'kudutsa. Chikwangwani chilichonse chilandira chidule cha mawu 30 m'Chishona m'munsi mwake, zomwe zikutanthauza kudula nkhani ya Chichewa kuchoka pa 120 kufika pa 100. Zisanu ndi zitatu zadulidwa kale. Zotsala ndi za malo, za Ulere ndi Mthandizi, za Great Zimbabwe, ziwiri za magwero, ndi cha 13, chomwe mpendero wake sudasankhidwebe.